Mmene mungathandizire mbale wanu amene wakodwa ndi nyaope kuno ku Joni

Mwana wa achemwali anga anatsika basi pa Park Station ali ndi zaka 19, ndipo kwa chaka chathunthu tinkagona chipinda chimodzi ku Rosettenville, iye akugwira maganyu otsuka magalimoto, ine ndikulawirira ku ntchito yanga ya m'gadeni. Katundu anayamba kusowa pang'onopang'ono: chaja ya foni, kenako ketulo, kenako ndalama zimene ndinabisa kunsi kwa matiresi kuti ndikatumize kumudzi pa Mukuru. Mtima wanga unkakana kuvomereza, mpaka m'bandakucha wina wa mwezi wa June, chisanu cha kuno chitafika polowa m'mafupa, pamene ndinamupeza atadzipinda pansi thukuta lili kamukamu, misozi ndi mamina zili chuchuchu, akuyasamula mosalekeza, miyendo ikungopalasa. Nditamukalipira, anandiyankha motsitsa mawu kuti, "Amalume, musayese kuti ndikufuna kukasangalala. Kukoma kwake kunatha kalekale. Ndikungofuna kuti m'mimbamu muleke kupota." Malangizo ali m'munsimu ndalembera munthu amene waima pamene ndinaima ine m'mawa umenewo, wosadziwa ngati am'menye, am'mange, am'pempherere kapena am'kweze basi yobwerera kwathu.

Yambani ndi kudziwa chenicheni chimene mbale wanuyo akugwiritsa ntchito, chifukwa chithandizo chimasiyana malinga ndi mankhwalawo. Nyaope, imene ku Durban amaitcha whoonga, ndi heroin wotsika mtengo wosakaniza ndi maufa ena, amene amamuwaza pa chamba n'kusuta, ngakhale kuti ena amafika pomusungunula ndi kudzibaya. Mudzamva mphekesera zambiri za mankhwala a makoswe ndi ma ARV amene akuti amathiramo, koma kaya athiremo chiyani, chimene chimamanga munthu ndi heroin, yemwe ndi wa banja limodzi ndi morphine, mankhwala opha ululu amene madokotala amapereka kwa odwala kwambiri. Palinso tik, amene ena amamutcha crystal, yemwe amakhalitsa munthu maso usiku wonse; pali mapiritsi otchedwa mandrax; pali mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine amene achinyamata amasakaniza ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi; ndipo pali mowa, umene sitiuopa kwenikweni chifukwa tinakula tikuuona. Mufunseni modekha kuti amasuta kangati pa tsiku, ngati anayamba wadzibayapo, ndiponso ngati amaphatikiza ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa. Lembani mayankho ake, popeza namwino adzakufunsani mafunso omwewo.

Kuti muthe kuleza mtima pa ulendo umenewu, muyenera kumvetsa chimene chachitika mu ubongo wake. M'chaka cha 1954, akatswiri awiri a pa yunivesite ya McGill ku Canada, James Olds ndi Peter Milner, anaika kawaya kopyapyala mu ubongo wa makoswe ndipo anapeza malo ena amene khoswe akapatsidwa mpata wodzitekenya yekha ndi timagetsi, ankangodina kachitsulo mobwerezabwereza osatopa. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti makoswe ena ankafika ponyalanyaza chakudya chili pambali pawo. Malo amenewo tonsefe tili nawo. Ntchito yake ndi kutiphunzitsa kubwereza zinthu zotisunga ndi moyo, monga kudya, kumwa madzi ndi kukhala pa anzathu, ndipo amagwira ntchitoyo kudzera m'timadzi totchedwa dopamine, timene timauza ubongo kuti ichi n'chofunika, uchikumbukire, ukachifunenso. Mankhwala ozunguza bongo amatulutsa dopamine wochuluka kuposa nsima ya tsiku la njala kapena uthenga wabwino wochokera kumudzi, ndiye ubongo umaphunzira bodza lakuti fodyayo ndi wofunika kuposa chakudya, kuposa ntchito, kuposa mayi womubereka.

Ubongo sulola kusefukira koteroko kupitirira, choncho umachepetsa mphamvu yake yomvera timadzito. Zikatero munthu amafunika kusuta wambiri kuti amve zimene ankamva ndi wochepa, pamene zinthu za masiku onse monga mpira, macheza ndi chakudya zimamuthera kukoma. Kuwonjezera apo, heroin amapondereza mitsempha imene imayendetsa matumbo, thukuta ndi kugunda kwa mtima, ndipo thupi limalimbana naye powonjezera mphamvu mbali zimenezo. Heroin akatha m'magazi, zonse zimene zinaponderezedwa zimadzambatuka nthawi imodzi ngati ng'ombe zimene zachedwa kutsekulidwa m'khola, ndipo ndi zimenezo ndinaona pansi m'chipinda muja. Ululuwo umayamba pakapita maola 8 mpaka 24 chisutireni, umafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo umatha pakati pa masiku 4 ndi 10, koma kusowa tulo, kukhumudwa ndi chibaba zimatha kukhalapo miyezi ingapo. Mbali ya ubongo ya pachipumi, imene imagwira munthu dzanja akafuna kuchita chinthu choti chimupweteka, imakhwima mochedwa, cha m'ma zaka 25, ndipo mankhwalawa amaifooketsa. N'chifukwa chake mnyamata amene walumbira Lamlungu misozi ili m'maso kuti wasiya sikuti akunama, koma Lachisanu akalandira ndalama n'kudutsa pa kona imene ankagulapo, thupi limayamba kuitanitsa iye asanaganize n'komwe.

Achemwali anga ankandifunsa pa foni pafupifupi usiku uliwonse kuti, "Achimwene, kodi ndinalakwa pati polera mwanayu? Kapena alipo amene wamuchita chipongwe?" Chifukwa chake sichikhala chimodzi. Kafukufuku wa mapasa ndi mabanja amasonyeza kuti 40 mpaka 60 peresenti ya chiopsezo chomwerekera ndi yakumtundu, kotero kuti mdzukulu wa munthu amene anali chidakwa cha kachasu akhoza kukodwa msanga kuposa mnzake amene analawa naye tsiku limodzi. Kuyamba uli wamng'ono, nkhanza zimene munthu anakumana nazo ali mwana, ndiponso matenda a nkhawa ndi kukhumudwa zimakulitsa chiopsezocho. Moyo wa kuno umathira mafuta pamoto. Mnyamata amene kumudzi aliyense ankamudziwa kuti ndi mwana wa uje, kuno amayenda mu Hillbrow kapena ku Diepsloot popanda diso la wamkulu aliyense, alibe mapepala, maganyu ndi apatalipatali, kwawo akudikira ndalama za feteleza, manyazi obwerera chimanjamanja akumudya, pamene kapepala ka nyaope kakugulitsidwa pa mtengo wotsika kwambiri. Ine ndimakhulupirira pemphero ndipo sindinaleke kupemphera, koma ndinaona mabanja akutaya miyezi yambiri ndi ndalama zambiri posaka mfiti, mwana akunka nawondera.

Musanafike pa nkhani yosiya, phunzirani kupulumutsa moyo wake. Heroin amapha poimitsa kupuma, makamaka akaphatikizidwa ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa. Mukamupeza sakudzuka ngakhale mutamukhutiza mwamphamvu ndi mfundo za zala pa fupa la pachifuwa, akupuma mwapatalipatali kapena kuliza mkonono wachilendo, milomo yasintha mtundu, kamwana ka m'diso kachepa ngati nsonga ya singano, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 nthawi yomweyo, ndipo nenani mosabisa kuti wasuta nyaope. Ngati akupuma, mugoneke chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi. Ngati sakupuma bwino koma mtima ukugunda, weramitsirani mutu wake kumbuyo, mutsineni mphuno ndi kumuuzira mpweya m'kamwa kamodzi pa masekondi 5 aliwonse. Musamumwetse mkaka kapena madzi amchere, musamuviike m'madzi ozizira, ndipo musamusiye kuti agone kaye. Mankhwala amene amachotsa mphamvu ya heroin ndi naloxone, ndipo amadzutsa munthu m'mphindi zochepa, koma mphamvu yake imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, choncho wodwalayo ayenera kukhalabe m'manja mwa achipatala ngakhale ataoneka kuti watsitsimuka. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo mawu akuti aliyense akuphatikizapo ife obwera. Ngati amadzibaya, asabwerekane singano ndi wina aliyense, ndipo mupite naye akayezetse HIV, TB ndi matenda a chiwindi a mtundu wa C.

Kulankhula naye kumafuna nthawi yake. Musayambe nkhaniyi ataledzera kapena m'mimba mukupota, chifukwa nthawi zimenezo khutu lake silili kwa inu. Dikirani atadya ndipo mtima uli m'malo. Pewani kumuitanira bwalo la abale ndi akumpingo kuti amuchititse manyazi, popeza manyazi ndi amene amamuthamangitsira ku fodya yemweyo. Katswiri wina wa ku yunivesite ya New Mexico, Robert Meyers, anakonza njira yophunzitsira mabanja yotchedwa CRAFT, imene mfundo yake ndi yakuti muziyamikira ndi kukhala naye pafupi akakhala wosaledzera, muzimusiya akumane ndi zotsatira za zochita zake akaledzera, ndipo muzikhala mutakonzeratu kopita tsiku limene adzavomere. Pa kafukufuku wa njirayi, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse amene ankakana chithandizo anadzavomera. Ine ndinangonena kuti, "Mphwanga, ndaona mmene ukuvutikira m'mawa uliwonse, ndipo ndamva kuti kuli mankhwala oletsa kupotako. Lolemba ndapempha tchuthi, tipitire limodzi." Pa za ndalama khalani olimba mtima: mugulireni chakudya, lipirani lendi kwa mwini nyumba ndi dzanja lanu, kwerani naye taxi, koma musamupatse ndalama m'manja, ndipo pasipoti yake ndi yanu zikhale pokhoma.

Pofuna kopita, imbani 0800 12 13 14, nambala yaulere yogwira usana ndi usiku imene bungwe la SADAG limayendetsa m'malo mwa unduna wa zachisamaliro cha anthu, ndipo adzakuuzani malo apafupi ndi kumene mukukhala. Bungwe la SANCA, limene linayamba m'chaka cha 1956, lili ndi nthambi m'madera ambiri a Gauteng kuphatikizapo Soweto, ndipo limapereka uphungu kwa anthu ochokera kunyumba komanso limathandiza kupeza malo ogonekako. Malo a boma, monga Dr Fabian and Florence Ribeiro Treatment Centre ku Cullinan, amalandira anthu kudzera mwa social worker, yemwe ndi wogwira ntchito zachisamaliro cha anthu, ndipo nthawi zambiri pamakhala mzere wodikira, choncho lembetsani msanga. Tengani pasipoti kapena pepala lililonse limene ali nalo, ndipo ngati Chingerezi kapena Chizulu chimakuvutani, pitani ndi munthu wokumasulirani. Tsiku loyamba ife tinabwezedwa pa geti la kiliniki ina ndi anthu amene ankafunsa ziphaso, ndipo mphwanga anafuna kugwa mphwayi pomwepo, koma m'mawa mwake tinapita kwina ndipo anatilandira. Lamulo nambala 70 la 2008 limafuna kuti rehab iliyonse, kutanthauza malo othandizira anthu kusiya mankhwalawa, ikhale yolembetsedwa ku boma, choncho pemphani kuona satifiketi yake musanalipire kalikonse, ndipo funsani ngati pali dokotala kapena namwino. Malo amene amamanga anthu maunyolo, kuwamenya kapena kuwasalitsa chakudya mowakakamiza si chipatala, kaya pakhomo pake palembedwa vesi lotani. Gawo 33 la lamulo lomwelo limalola kuti munthu amene wafika poika moyo wake kapena wa ena pa ngozi atumizidwe kokalandira chithandizo ndi khoti la majisitireti ngakhale asakufuna, koma njira imeneyo ikhale yomaliza ndipo muyende nayo pamodzi ndi social worker.

Pamene ambiri timalakwitsa ndi pa kuganiza kuti kusukuluza thupi ndiko kuchira. Masiku 7 kapena milungu ingapo ku rehab imachotsa heroin m'magazi, koma siibwezera ubongo mwakale, ndipo ambiri amene amangosukuluza thupi n'kutuluka amabwereranso. Choopsa kwambiri n'chakuti thupi limakhala litaiwala kupirira, moti mlingo umene ankasuta mwezi wathawo popanda vuto ukhoza kumupha tsopano. Milungu yoyamba munthu atatuluka ku rehab kapena kundende ndi imene imatenga miyoyo yambiri. Chithandizo chimene chili ndi umboni wolimba pa heroin ndi cha methadone kapena buprenorphine. Madokotala awiri a ku New York, Vincent Dole ndi Marie Nyswander, anayamba kupereka methadone tsiku ndi tsiku m'zaka za m'ma 1960, ndipo bungwe la World Health Organization linaika mankhwala awiriwa pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri m'chaka cha 2005. Methadone amakhala malo omwewo mu ubongo amene heroin amakhala, koma amalowa pang'onopang'ono ndipo amagwira ntchito tsiku lathunthu, kotero kuti munthu akamwa mlingo woyenera kamodzi m'mawa saledzera, m'mimba simupota, chibaba chimazilala, ndipo amatha kugwira ntchito ngati wina aliyense. Anthu amene ali pa mankhwalawa chiopsezo chawo cha imfa chimatsika pafupifupi ndi theka kapena kuposa. Mudzamva ena akunena kuti uku n'kungosinthanitsa fodya ndi fodya mnzake, ndipo nanenso ndinkaganiza choncho, koma palibe amene amanyoza wodwala shuga chifukwa chobaya insulin tsiku lililonse. Kuno ku Johannesburg bungwe la Anova Health Institute lakhala likupereka masingano atsopano ndi methadone kudzera m'ntchito yake ya Jab Smart, ku Tshwane kuli ntchito yofanana nayo yotchedwa COSUP imene inayamba m'chaka cha 2016, ndipo madokotala ena oima paokha amalemberanso mankhwalawa. Dokotala amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza mwapang'onopang'ono, ndipo milungu iwiri yoyambirira imafuna kusamala kwambiri, makamaka pa kupewa mowa. Musamukakamize kusiya msanga: pa methadone chaka chimodzi chimatengedwa ngati poyambira chabe, ndipo kutsitsa mlingo ndi nkhani ya iye ndi dokotala wake. Musagule methadone mumsewu.

Ngati vuto ndi mowa, dziwani kuti kusiya mwadzidzidzi kukhoza kupha, zimene sizichitika kawirikawiri ndi heroin. Munthu amene amanjenjemera m'mawa mpaka atamwako akhoza kugwa ngati wakhunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo tsiku lachitatu akhoza kusokonezeka mutu n'kumaona zinthu zoti palibe. Ameneyo asiyire m'manja mwa achipatala, amene amapereka diazepam ndi vitamini B1, ndipo pambuyo pake pali mankhwala monga naltrexone ochepetsa chibaba. Pa tik palibe mankhwala olowa m'malo mwake, choncho chithandizo chake chimadalira uphungu wa nthawi yaitali. Akayamba kumva mawu kapena kukhulupirira kuti anthu akumusaka, mutengereni ku chipatala chachikulu monga Helen Joseph, Charlotte Maxeke kapena Chris Hani Baragwanath, kumene lamulo la zaumoyo wa maganizo la 2002 limalola kumuunika kwa maola 72.

Ambiri a ife timathamangira kumukweza basi, poganiza kuti mphepo ya kumudzi imuchiritsa. Ulendo wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza umadya usiku ndi usana n'kupitirira, kutanthauza kuti kutsekula m'mimba, kusanza ndi kupota zidzamugwira ali pakati pa anthu osamudziwa, ndipo ena amathawa pa boda n'kusowa. Ngati kubwerera kwathu ndiko mwasankha, ayambe wasukuluza thupi kuno mothandizidwa ndi achipatala, apite ndi womuperekeza komanso kalata ya dokotala, ndipo mukhale mutalankhula kale ndi a St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kapena chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba. Amene akukamulandira awuzeni zoona zokhazokha, chifukwa munthu amene wasiya nyaope osalandira chithandizo sachedwa kugwera m'kachasu.

Mankhwala okha sadzaza maola amene fodya ankadzaza. Mufunireni chochita, ngakhale chaching'ono, chimene chimamudzutsa m'mawa. Asinthe nambala ya foni ndi njira imene amadzera. Ndipo mulimbikitseni kupita ku misonkhano ya Narcotics Anonymous kapena Alcoholics Anonymous, kumene anthu ofuna kusiya mankhwala kapena mowa amalimbikitsana, imene ndi yaulere, siifunsa chiphaso, ndipo imachitika m'maholo a matchalitchi ndi m'malo ena ambiri mumzinda muno. Inuyo pitani ku Nar-Anon kapena Al-Anon, imene ndi ya abale, chifukwa kulera wodwala wotere kumatopetsa, ndipo mutu umodzi susenza denga. Chithandizo chosakwana miyezi itatu sichikhalitsa, ndipo ngakhale chitayenda bwino, anthu 40 mpaka 60 mwa 100 aliwonse amaterereka nthawi ina, chiwerengero chosasiyana kwambiri ndi cha odwala BP kapena mphumu amene matenda awo amayambiranso.

Mphwanga anaterereka patatha miyezi inayi, sabata imene ganyu yake inatha. Tsiku loterolo musamuthamangitse ndipo musamufunse za malumbiro ake aja. Onetsetsani kuti akupuma bwino usiku wonse, mufunseni chimene chinachitika maola angapo asanasute, ndipo m'mawa mwake mubwerere naye ku kiliniki, mukauze namwino zoona za chimene wasuta, kuchuluka kwake ndi nthawi yake, kuti aone ngati mlingo wa mankhwala ukufunika kusintha. Ife tinachita zimenezo, dokotala anakweza mlingo, ndipo panopa mnyamatayo amamwa methadone wake m'mawa asanapite kokonza matayala. Akayamba kumupatsa mankhwala otengera kunyumba, musawathire m'botolo la zakumwa ndipo musawaike mufiriji imene mumagwiritsa ntchito ndi mabanja ena a pa yadi, chifukwa kamlingo kochepa kwambiri kakhoza kupha mwana wamng'ono. Botolo la mphwanga limakhala m'kabokosi kokhoma pamwamba pa wadiropu, ndipo kiyi wake ndimayenda naye ine.